Silinda ya chainsaw ikakandika, si nthawi zonse pofunika yatsopano

Makina ochekera mitengo a chainsaw akayamba kuvuta kulira, kapena kumazima akangotentha, eni ake amathamangira kukayikira pulagi ndi kabureta. Koma nthawi zina vuto limakhala mkati mwenimweni mwa injini: silinda yakandika. Kwa munthu amene banja lake limadya za matabwa, kaya ku Chikangawa kaya m'tauni, nkhaniyi ndi yaikulu, pakuti silinda ya Stihl kapena Husqvarna imachokera kunja ndipo ili m'gulu la zipangizo zodula kwambiri pa makinawa.

Komabe si silinda iliyonse yokandika yomwe ndi yotaya. Silindayi ndi ya aluminiyamu, koma khoma lake la mkati analikuta ndi chitsulo cholimba chopyapyala kwambiri, cha chrome kapena cha Nikasil chomwe kampani ya Mahle ya ku Germany inatulukira mu 1967. Pisitoni nayo ndi ya aluminiyamu, koma ilibe chitetezo chotero. Injini ikatentha mopitirira muyeso, pisitoni imafufuma n'kuyamba kukhula khomalo, ndipo aluminiyamu wake amasungunuka n'kumatirira pamenepo. Choncho mizere yooneka ngati mikwingwirima kawirikawiri imakhala zotsalira za pisitoni zomwe zamata pamwamba, khoma lenilenilo lili bwinobwino pansi pake.

Makaniko wodziwa ntchito amayamba wachotsa ekizozi n'kusuzumira pabowopo ndi tochi. Akaona mizere pa pisitoni, amamasula silinda yonse. Pochotsa zomatirirazo, ambiri amagwiritsa ntchito asidi wa hydrochloric, yemwe amadya aluminiyamu msanga kuposa chokutira cholimba chija. Amamupaka pang'onopang'ono ndi thonje lokulunga pa kamtengo, pamalo okhawo pomwe pamatirira. Asidiyu sayenera kufika m'mphepete mwa mabowo a silinda kapena pomwe chokutira chasupuka, chifukwa amalowa pansi n'kudya silinda yeniyeniyo. Ntchitoyi imachitikira panja, munthu atavala magolovesi ndi magalasi oteteza maso, ndipo ikatha silinda imatsukidwa ndi madzi osungunulamo soda.

Kenaka khomalo limasalazidwa mopepuka ndi sandipepala wosalala wa nambala 320 kapena 400, mozungulira osati mokwera ndi kutsika. Likatsukidwa ndi sopo, kuumitsidwa ndi kupakidwa oilo, chikhadabo ndicho chimaweruza mlandu. Chikamayenda osakodwa, silindayo ipitiriza ntchito. Chikakodwa mumzere wozama, makamaka kumtunda kwa bowo la ekizozi komwe maringi amatsekera mphamvu, ndiye kuti chokutira chabooka ndipo palibe kuchitira mwina koma kugula ina. Pisitoni yokandika yokha sibwezeredwanso. Pamafunika yatsopano pamodzi ndi maringi, timawaya totsekera pini ndi gasiketi, ndipo kamuvi kolembedwa pamutu pake kamaloza ku ekizozi.

Gawo lomwe ambiri amalilumpha ndi lofufuza chomwe chinayambitsa vutolo, ndipo pisitoni yakaleyo ndiyo mboni. Ikakandika mbali ya ekizozi, injini inatentha chifukwa cha kuchepa kwa oilo kapena kuchuluka kwa mpweya poyerekeza ndi petulo. Ikaperepeseka mbali yolowera mafuta, ndiye kuti fumbi linkadutsa pa sefa ya mpweya yong'ambika. Mpweya wolowa mozemba umadzera m'masilo otha a kirankishafuti kapena m'mapaipi a labala ong'aluka, ndipo umapezeka potseka mabowo onse, kupopera mpweya wa 0.5 bar mu injini n'kuona ngati ukuthawa. Wongosintha pisitoni osapeza pothawirapo amakhala wataya ndalama, chifukwa yatsopanoyo ikhoza kupsanso tsiku lomwelo.

Injini ya makinawa ilibe posungira oilo ngati ya galimoto. Imadalira oilo wothiridwa m'petulo. Stihl ndi Husqvarna amalangiza mulingo wa 50:1 pa oilo wawo wa two-stroke, kutanthauza mamililita 100 pa malita 5 a petulo. Oilo wa galimoto sayenera, chifukwa amasiya makala omwe akasweka amakandanso khoma. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol, yemwe amakoka chinyezi ndi kufooketsa mapaipi a labala, choncho mafuta osakaniza sayenera kusungidwa kupitirira mwezi. Tcheni chobuntha, utuchi wodzaza m'zipsepse zoziziritsira silinda, ndi kufinya sikuluwu ya H pa kabureta pofuna kuti makina azilira mothamanga, zonsezi zimaonjezera kutentha.

Injini ikamangidwanso, matanki oyambirira amafuna kudekha: makina asalizidwe mpaka kumapeto asanakhudze mtengo, kuti maringi atsopano ayambe akhazikika pakhoma.