Injini ikazima pakati pa nyanja, atipeza bwanji?

Bwato likafa injini usiku, timayimba foni kumtunda n'kunena kuti, "Tili kuseri kwa Boadzulu." Kuseri kwake pati? Pamene anzathu akuthamangira mafuta, mwera wa mwezi wa Juni umakhala ukukankhira bwatolo kumpoto, ndipo akafika pamene tinanena amapeza madzi okhaokha.

Mafoni ambiri amakono ali ndi GPS. Imalandira uthenga kuchokera ku masetilaiti amene ali makilomita pafupifupi 20,000 kumwamba, ndipo ikagwira anayi imadziwa pamene tili, kuphonya ndi mamita ochepa chabe. Zimenezi sizidya mayunitsi. Chofuna netiweki ndi kutumiza malowo kwa otipulumutsa.

Pa WhatsApp tingatumize malo kamodzi, kapena kuyatsa live location ya mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8. Bwato lotengeka silikhala pamodzi, choncho ya maola 8 ndiyo yathu. Tiziyatsa tikadali padoko, n'kutumizira wa kunyumba amene sagona tulo tofa nato. Imadya batire, inde, ndiye foni inyamuke yodzaza, yomangidwa m'jumbo.

Intaneti ikakana, manambala awiri a malo aja amapita ndi SMS wamba. Tiwakopere onse, osadumpha kadontho.