KUDZIMBIDWA NDI MKAKA WOSASA

Lero ndifuna kulankhula ndi munthu uja amene sagona Loweruka asanamwe mcere wa Epsom, kapena mafuta a nsatsi, kapena mibulu ya senna, nati, "Nditsuke m'mimba." Wacita ici zaka zambiri, ndipo tsopano satha kupita kuthengo popanda mankhwala.

Cimene cicitika ndi ici. Mankhwala otsegula m'mimba akokolola zonse za m'matumbo nthawi imodzi, ndipo papita masiku awiri kapena atatu kuti matumbo adzalenso. Mwini wace poona kuti palibe kanthu, ayesa kuti wadzimbidwa, namwanso. Pamodzi ndi zoipa mucoka madzi ndi mcere wina wa m'thupi wochedwa potasiyamu, umene minofu ya matumbo iufuna kuti ifinye bwino. Wogwira nchito pansi pa mgodi, amene thukuta lamtha kale madzi, ndiye asauka koposa.

M'matumbo akuru a munthu ali yense mukhala tizilombo tosaoneka ndi maso, tosawerengeka. Musaope, pakuti tambiri nta ubwenzi. Tidya gaga ndi ulusi wa ndiwo umene mimba yalephera kugaya, ndi kuturutsa timadzi towawasa timene tidzutsa matumbo kuti ayende. Kutsuka m'mimba kawirikawiri kusokoneza mudzi wa tizilomboti. Tsono asing'anga a m'zipatala ayesa kubwezamo tizilombo tabwino tamoyo, timene munthu amwa dala. Dzina lace ndi probiotics.

Nzeru iyi si ya lero. Mu 1907 Élie Metchnikoff, wa ku Pasteur Institute ku Paris, analemba kuti alimi a ku Bulgaria akhala zaka zambiri cifukwa ca mkaka wosasa. Za ukalambazo ananena mopitiriza, koma za m'matumbo analasa. Mu 2014 ophunzira a ku King's College London anasonkhanitsa mayeso 14 a anthu akuru odzimbidwa. Anapeza kuti mwa akumwa probiotics cakudya cinafulumira kupyola m'matumbo ndi maora 12, ndipo anapita kuthengo koposa kale, monga kamodzi pa sabata. Mtundu wochedwa Bifidobacterium lactis ndiwo unathandiza koposa. Kamodzi pa sabata si cozizwitsa ai, ndipo anayesedwawo anali odzimbidwa wamba, si omangidwa ndi mankhwala okha. Koma kwa munthu wofuna kuleka botolo la Epsom ndi ndodo yoyendera.

Kuno kwathu mabisi a Atonga ndi munkoyo zili ndi tizilombo tamoyo tosasitsa, ngakhale si mitundu yomweyo ya m'mayeso aja. Yogati wa m'sitolo ali nato ngati sanamphitsenso atasasa. Popanga mabisi yambani mwaphitsa mkaka, uzizire, ndipo muthiremo pang'ono a dzulo. Mkaka wauwisi utha kupatsa cifuwa cacikuru.

Mankhwala aja musawaleke tsiku limodzi. Cepetsani pang'ono pang'ono, mutafunsa ku cipatala. Imwani cikho ca mkaka wosasa tsiku ndi tsiku, mupirire masabata atatu kapena anai. Tizilomboto tifuna cakudya cace: nsima ya mgaiwa, nyemba, cibwabwa, mapapaya, ndi madzi ambiri pa shifiti. Buledi woyera ndi tiyi yekha atipha ndi njala.

Koma mukaona mwazi m'cimbudzi, kapena mukuonda popanda cifukwa, kapena mimba yatupa ndi kusanza, musataye nthawi ndi mabisi. Pitani kwa dotolo tsiku lomwelo.