Fodya amene anaulula chiphe cha mumpweya

M'zaka za m'ma 1950, alimi a fodya m'chigwa cha Connecticut ku America anathedwa nzeru. Masamba ankatuluka timadontho totuwa, koma mbozi kapena chiwawu osazipeza. Mu 1959, Howard Heggestad ndi John Middleton anatulukira gwero lake: ozoni, mpweya umene umapangika dzuwa likaomba utsi wa magalimoto ndi mafakitale. Pambuyo pake Heggestad anapatula fodya wosachedwa kuwauka, Bel-W3, amene mpaka lero amadzalidwa m'mayiko ambiri kuti azichenjeza anthu mpweya ukaipa.

Tsamba limangosonyeza kuti lapsa. Kuti boma liike malamulo pamafunika manambala, ndipo mpamene panagona nkhani. Kutenga avereji ya tsiku lonse kumasocheretsa, chifukwa ozoni amachuluka masana n'kutsika usiku, pomwe mbewu imamukoka masana omwewo, timabowo ta pamasamba tikatseguka. Maola ochepa oopsa aja akasakanizidwa ndi maola ausiku, chiwerengero chimaoneka chabwinobwino, munda ukuonongeka.

Ku Ulaya anakonza njira yotchedwa AOT40. Amayeza ola lililonse kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 8 koloko madzulo, kuchokera Meyi mpaka Julayi, n'kumaphatikiza zokhazo zopitirira 40 ppb, kutanthauza magawo 40 pa biliyoni. Ola la 60 ppb limaonjezera 20. La 35 siliwerengedwa. Zonse pamodzi zikafika 3,000, tirigu amachepa ndi pafupifupi 5 peresenti. Mlimi sangazindikire kutayika kotere ndi maso. Amangodandaula kuti chaka chino nthaka yatopa.

Njirayi nayo ili ndi chilema. Kukauma, mbewu imatseka timabowo tija, ndiye ozoni angachuluke bwanji, wolowa m'tsamba amakhala wochepa. N'chifukwa chake akatswiri anayamba kuwerengera ozoni wolowadi m'tsamba, poganizira chinyezi, kutentha ndi kuwala.

Mfundo imeneyi ikutikhudza kuno kwathu. Utsi wa moto wolusa wa m'chilimwe nawo umabala ozoni, ndipo nthawi yomweyo m'madimba muli nyemba, tomato ndi chimanga chothirira, timabowo tili chitsegukire chifukwa madzi alipo. Miyezi ya ku Ulaya ija siingatithandize. Tikufunika zoyezera zathu m'minda, zowerenga ola ndi ola kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba.