Hilux yakaleyo ndi Raider yeniyeni? Tsegulani boneti kaye

Pa msewu wa Makanjira, apa pa Lungwena, ma Hilux akale ndi amene akusenzabe usipa ndi anthu a matola. Ngati mukufuna kugula imodzi n'kuibwezera mwakale, musatengeke ndi sitika. Mawu oti Raider aliyense angathe kumata, basi mtengo n'kukwera.

Tsegulani boneti mufufuze kachitsulo kamene anakhoma ku fakitale, nthawi zambiri kumbuyo kwa injini. Pamzere wa MODEL, LN ndi dizilo, YN ndi RN ndi petulo. LN106, mwachitsanzo, ndi 4x4 ya injini ya 3L. Pamzere wa C/TR, manambala oyamba amanena penti, otsatirawo mipando ndi zam'kati. Penti 040 ndi yoyera. Mukaona 040 koma galimoto ili yofiira, funsani chifukwa chake anaipentanso. Mwina inachitapo ngozi.

Kenako onani nambala ya chasisi. AHT ndi ya ku Durban, JT ya ku Japan. Raider ndi dzina la ku South Africa, ndiye JT yovala Raider ikayikireni. Nambalayo ikasiyana ndi ya mu blue book, abale, ndalama zanu zibwerere m'thumba.