Kabatire Kosagona Tulo

M'mafamu akuluakulu a ku Mashonaland, kuyambira ku Karoi ndi ku Banket mpaka ku Mvurwi, Bindura ndi Marondera, Chichewa chimamvekabe m'makomboni. Ambiri mwa ochilankhula ndi ana ndi zidzukulu za anthu amene adachoka ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique m'nthawi ya atsamunda kudzagwira ntchito m'minda ya fodya ndi chimanga. Kuchokera pamene boma la Zimbabwe lidayamba kugawa minda mofulumira m'chaka cha 2000, ena akugwirira ntchito eni minda atsopano, ena akulima paokha. Makolo awo ankadziwa khasu ndi chikwanje. Iwo, kuwonjezera pa zimenezi, akusamala masikelo a magetsi, mawotchi oyendetsa mipope yothirira, zipangizo zoyezera kutentha m'mabalani a fodya ndi makina a sola.

Dandaulo limodzi limamveka kawirikawiri: makina adazimitsidwa ali bwinobwino, koma powayatsa aiwala tsiku ndi nthawi. Mpope umene umayenera kuthirira tirigu mbandakucha ukuyamba dzuwa lili paliwombo, madzi n'kuthera mumlengalenga. Chipangizo cholemba kuzizira kwa firiji ya katemera pa kiliniki chikasokoneza masiku, zolemba zake sizidalirikanso.

Gwero la vutoli

M'kati mwa makina ambiri otere muli kachipangizo kotchedwa microcontroller, kamene ndi kakompyuta kakang'ono ngati chikhadabo. Magetsi akazima, mbali yake yaikulu imagona, koma kawotchi kake kamayenera kuyendabe. Kawotchika kamawerenga kugwedezeka kwa kamwala kamene kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi iliyonse. Mphamvu yake imachokera ku kabatire kobulungira ngati ndalama yachitsulo, kawirikawiri ka mtundu wa CR2032, ka mavoti 3.

Kabatireka kamagwira ntchito pokhapokha magetsi aakulu akazima. Ndiye chifukwa chake kamavutika kwambiri ku Zimbabwe. M'chaka cha 2019, madzi atachepa m'damu la Kariba, madera ambiri ankakhala opanda magetsi a ZESA kwa maola okwana 18 pa tsiku. Mu Novembala 2022 bungwe la Zambezi River Authority lidalamulanso kuti makina a Kariba South aime kaamba ka kuchepa kwa madzi. Pa masiku otere, kabatire kamene kadaikidwa kuti kazingogwirizira kanthawi kochepa kamasenza mtolo magawo atatu mwa anayi a tsiku.

Masamu ake

CR2032 yatsopano imasunga mphamvu pafupifupi 220 mAh. Microcontroller yokonzedwa bwino imakoka pafupifupi microamp imodzi kuti kawotchi kayende. Microamp ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a amp. Pa mlingo umenewu masamu amapereka zaka 25, kutanthauza kuti kabatireka kamakalamba kokha kasanathe mphamvu. Makina akamakoka ma microamp 10, kamatha m'zaka ziwiri ndi theka. Koma ngati mmisiri walumikiza resistor ya ma ohm 10,000 mwa njira yoti mphamvu ya kabatireka izidutsamo nthawi zonse, amatayika ma microamp 300, ndipo kamatha m'mwezi umodzi. Akuluakulu adati tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Kudontha kosaoneka ndi maso ndiko kumamaliza batire.

Mphamvu imathawira m'njira zingapo. Yoyamba ndi kalumikizidwe kolakwika, pamene kabatire kamadyetsanso mbali zina zimene zimayenera kugona. Yachiwiri ndi diode, kachipata kamene kamaloleza magetsi kupita mbali imodzi yokha. Ma diode ena amadontheza mphamvu chobwerera, ndipo kudonthako kumakula kukatentha. Yachitatu ndi fumbi ndi chinyontho, zimene zikasakanikirana zimatsegula kanjira kamene magetsi amadzeramo. Pafamu fumbi la feteleza ndi loipitsitsa, popeza feteleza ndi mchere ndipo amakoka chinyezi. Yachinayi ndi kutentha. Pomaliza kuumitsa fodya wa m'balani, kutentha kumafika pa madigiri 70 kapena kupitirira. Chingwe choyezera ndicho chiyenera kulowa m'kati, bokosi lokhala ndi batire litsale panja pamthunzi.

Ntchito ya mmisiri

Mmisiri wokhala ndi mita yotchedwa multimeter angathe kugwira mbala imeneyi. Azimitse magetsi aakulu, aike mita pa mlingo wa microamp, ndipo ailumikize pakati pa kabatire ndi makina. Ikaonetsa ma microamp ochepa, zonse zili bwino. Ikaonetsa makumi kapena mazana, pali podontha. Apukute makinawo ndi burashi youma ndi sipiriti, adikire aume, ayesenso. Ngati palibe kusintha, achotse zolumikiza chimodzichimodzi mpaka mita itsike.

Adziwenso kuti CR2032 siitchajidwa. Timawotchi tina totsika mtengo ta DS3231 timabwera ndi kanjira kotchajira batire ya mtundu wina, LIR2032. Akaikamo CR2032 osadula kanjirako, kabatire kangathe kutupa ndi kuwonongeka.

Ntchito ya mlimi

Mlimi wopanda mita ali ndi mbali yake. Asunge makina pouma ndi pamthunzi, kutali ndi matumba a feteleza. Alembe tsiku limene waika kabatire katsopano. Kakatha chaka chisanathe, makinawo aonedwe. Nyengo yothirira isanayambe, ayatse makina ndi kuona ngati nthawi ili yolondola. Mawailesi ndi matochi osagwiritsidwa ntchito kwa miyezi achotsedwe mabatire.

Phunziro lomweli limakhudza mabatire akuluakulu a sola. Batire la mavoti 12 ndi 100 Ah limasunga pafupifupi ma watt-hour 1,200, koma la asidi siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka. Choncho ogwiritsa ntchito ndi 600 okha. Inveta imene imadya mawati 20 popanda cholumikizidwa chilichonse imamwa 480 pa maola 24. Banja likaisiya yoyaka usana ndi usiku, nyale za ana owerenga zimatsala ndi zochepa. Kuizimitsa pa switchi yake sikulira ndalama.

Alangizi ndi azaumoyo a m'makomboni achenjezenso makolo. Mwana akameza kabatire kobulungira, kangathe kumuwotcha kummero m'maola awiri okha, ngakhale katakhala kakale. Asamusanzitse, athamangire naye kuchipatala. Timabatire takutha tisatayidwe pabwalo kapena pamoto. Timatidwe ndi tepi mbali zonse ziwiri ndi kusungidwa m'botolo lotseka, pamalo pamene mwana sangafikire.