M'mera Mpoyamba: Kulera Mbande za Ndiwo Zamasamba

Mtengo wa ndiwo ukakwera pamsika, mabanja ambiri amaganiza zoyamba kadimba kuseri kwa nyumba. Amagula kapaketi ka mbeu ya repu kapena matimati, nafesa mokondwera. Pakapita milungu iwiri mbande zija zagwa zonse, ndipo mlandu ugwera wogulitsa mbeu. Komatu kawirikawiri mbeu imakhala yosalakwa. Mlimi watsopano amapha mbande zake, osati cifukwa ca ulesi ai, koma cifukwa cozisasatitsa: madzi ambiri, mthunzi wambiri, ndiponso cisoni coopa kuzulako zina.

Nazale ikhale pamalo pofika dzuwa, pafupi ndi madzi, posafika nkhuku. Bedi lisapitirire mita 1 m'lifupi mwake, kuti dzanja lizifika pakati popanda kupondapo. Phwanyani zibuma, ndipo sakanizani dothi ndi manyowa owolerana bwino, pakuti manyowa aawisi, makamaka a nkhuku, amawauka mizu yanthete. Lembani timizere totalikirana masentimita 10, takuya sentimita 1 cabe. Fesani mopatulapatula, kwirirani pang'ono, phimbani ndi udzu wouma, nimuthirire. Repu ndi kabichi zimamera pasanathe mlungu. Matimati amacedwerako mpaka masiku 10. Zikangotulukira, cotsani udzu uja ndi kuuika pa kacisakasa pamwamba. Mukacedwa, mbande zimatalika moonda ndi motuwa pofunafuna kuwala.

Dziwaninso kuti si mbeu zonse zofuna nazale. Kaloti, delele, nyemba ndi maungu sizikonda kusunthidwa. Zibzaleni pomwe zidzakulire.

Mdani wamkulu wa nazale ndi nthenda yoolesa tsinde. Madzulo mbande zili bwinobwino, m'mawa zagona, tsinde litanyala pamene likhudza dothi. Nthendayi imayamba ndi tizilombo ta mtundu wa nkhungu tokhala m'dothi, timene timakondwa pamalo ponyowa, pothithikana, posapita mphepo. Cifukwa cace thirirani m'mawa, ndipo muyambe mwapisa cala m'dothi: ngati muli cinyezi, kheni ibwerere. Pamene zamera mothinana, patulirani mosaumira. Mbande 50 zamphamvu ziposa 500 zofooka.

Nanga nyumba ya pulasitiki, imene ambiri aicha greenhouse? Nyumbayi inacokera ku maiko ozizira, kumene nchito yake ndi kusunga kutentha. Kuno kwathu imathandiza nyengo ziwiri: m'cisanu ca Juni ndi Julai, pamene mbeu zimacedwa kumera, ndi m'dzinja, pamene mvula imagwetsa mbande ndi kufalitsa ciwawu pa masamba a matimati. Koma mu Okutobala nyumba yotsekeka imasanduka ng'anjo. Kutentha kukafika madigiri 35, maluwa a matimati amayoyoka osabala. Tsono m'mbali muzikhala motsegula, motchingidwa ndi neti ya maso aang'ono. Neti yotere imacepetsanso kagulugufe kochedwa Tuta absoluta, kamene kanafika m'Zambia m'caka ca 2016, ndipo mphutsi zake zimaboola masamba ndi zipatso za matimati. Woyamba kumene asathamangire ngongole. Nsungwi zopinda ndi pulasitiki imodzi yoonekera zikwanira kuphimba bedi limodzi.

Tsono tafika pamene ambiri amapunthwa. Mbande yoleredwa pamthunzi ili ngati mwana wosazolowera nchito: mukaiponya padzuwa tsiku limodzi, imafota. Kutatsala mlungu umodzi kuti muokere, yambani kucepetsa madzi ndi kucotsa mthunzi pang'onopang'ono, kufikira zitapirira dzuwa la tsiku lonse. Repu aokeredwa atakwana milungu 3 kapena 4, matimati ndi kabichi milungu 4 mpaka 6, anyezi milungu 6 mpaka 8, tsinde likayandikira kukula kwa pensulo. Thirirani nazale musanazule, kuti mizu icoke ndi dothi lake, ndipo okerani madzulo dzuwa litapepa. Repu atalikirane masentimita 30, kabichi ndi matimati masentimita 50 kapena 60. Pamene munakolola matimati musabzalepo impwa, sabola kapena mbatata ya kacewere, pakuti zonsezi ndi za banja limodzi ndipo zimapatsirana matenda.

Musafese paketi yonse tsiku limodzi. Fesani pang'ono milungu itatu iliyonse, kuti pakhomo pasasowe ndiwo, ndipo mbeu yotsala muisunge m'botolo lotseka, pouma ndi pozizira. Yambani ndi bedi limodzi la repu, mupatseko ana mzere wao woti aziusamala. Likakanika, mwataya ndalama zocepa koma mwaphunzira zambiri. Likacita bwino, caka camawa mudzaonjeza laciwiri. Akulu anati m'mera mpoyamba. Ndiwo zimene mudzadye miyezi iwiri ikudzayi zili m'manja mwanu m'milungu inai yoyamba ya nazale.