Kujambula mbalame ndi lenzi yaitali: vuto nthawi zambiri si makina

TETE — Amene amayenda mumsewu wa ku Furancungo kapena m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa mwina anakumanapo ndi alendo onyamula makina ojambulira zithunzi okhala ndi chimphuno chachitali ngati mkono wa munthu. Chimphuno chimenecho ndiye lenzi yokokera pafupi zinthu zakutali, imene pa Chipwitikizi amati teleobjectiva. Masiku ano si alendo okha amene ali nayo. Aphunzitsi ena, ojambula maukwati, ndi anyamata obwera ku Joni anagulako makamera ogwirapo kale ntchito, ndipo ena mwa iwo ayamba kulozetsa makinawo m'mitengo.

Dandaulo lawo ndi limodzi. Njiwa inali pa nthambi, maso amaiona bwinobwino, koma pachithunzi yatuluka ya chimbuuzi ngati munthu akuionera m'madzi a mtondo. Ambiri amafulumira kunena kuti makina ndi achabe, nayamba kusunga ndalama zoti agulire ena odula. Abale, musanagulitse mbuzi, taonani kaye ngati vuto silili m'manja, m'kuwala kapena pa mtunda umene mwaima.

Chithunzi ndi mboni

Nkhaniyi si yamasewera okha. M'chaka cha 2001 bungwe la BirdLife International linatulutsa mndandanda wa malo ofunika kwambiri a mbalame mu Africa, ndipo awiri mwa malo a mu Moçambique ali m'chigawo chathu cha Tete: nkhalango za miombo za ku Furancungo, m'boma la Macanga, ndi kumtunda kwa nyanja ya Cahora Bassa. Mu 2005 katswiri wa mbalame, Vincent Parker, anasindikiza buku la mapu osonyeza kumene mbalame zosiyanasiyana zimapezeka m'chigawo chapakati cha dziko lino. Ntchito yotere siitha, chifukwa nkhalango zikuchepa ndi makala ndiponso minda yatsopano, ndipo mbalame zina zikusamuka.

Lero munthu aliyense angathe kutumiza chithunzi pa intaneti, ku eBird kapena iNaturalist, akatswiri nachiona. Koma kuti anene kuti iyi ndi mbalame yakuti, amafuna kuona mlomo, diso, miyendo ndi mawanga a nthenga. Chithunzi cha chimbuuzi chili ngati mboni yofika pabwalo la mfumu n'kunena kuti inaona munthu koma nkhope sinaizindikire.

Lenzi imakuza mbalame, imakuzanso kunjenjemera

Tengani nsungwi yaitali, muigwire kutsinde ndi dzanja limodzi, muyese kuloza tsamba. Dzanja lanu likasuntha pang'ono chabe, kunsonga nsungwiyo imagwedezeka kwambiri. Lenzi yaitali imachita chimodzimodzi. Kutalika kwake amakuyeza m'mamilimita, ndipo ojambula mbalame amakonda za 300, 400 kapena 600. Nambala ikamakula, mbalame imaoneka yaikulu, koma kugunda kwa mtima wanu ndi kupuma kwanu nazonso zimalowa m'chithunzi.

Mankhwala oyamba ndi liwiro. M'kati mwa kamera muli kachitseko kotchedwa shutter, kamene kamatseguka n'kutsekeka kuti kuwala kulowe. Kakatseguka nthawi yaitali, chilichonse chimene chasuntha pa nthawiyo chimapakika. Lamulo lakale la ojambula limati, ngati mwagwira kamera m'manja, nambala ya liwiro isachepere nambala ya lenzi. Ndiye kuti lenzi ya 400 imafuna 1/400 kapena kuposa, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 400 a sekondi. Makamera ambiri otsika mtengo a Nikon amakuza chithunzi ndi 1,5 ndipo a Canon ndi 1,6, kotero lenzi ya 400 imagwira ngati ya 600 kapena 640, ndipo liwiro liyenera kukwera moteromo.

Lamulo limenelo ndi la manja anu okha. Mbalame nayo siikhazikika. Pumbwa ngakhale atatera amangotembenuza mutu, choncho ndi bwino kuyambira pa 1/1000. Nkhwazi kapena kakowa wouluka amafuna 1/2000, ndipo namzeze amafuna kuposa pamenepo. Malenzi ena ali ndi zilembo IS kapena VR, kusonyeza kuti amachepetsa kugwedezeka. Zimenezo zimathandiza pa kunjenjemera kwa manja, koma mapiko a mbalame sizingawaimitse.

Thumba la nyemba

Mankhwala achiwiri ndi kutsamiritsa. Alendo amabwera ndi choimikira cha miyendo itatu, chimene mtengo wake ndi wokwera, komabe ojambula odziwa ntchito m'maiko ambiri amagwiritsanso ntchito kathumba ka nyemba kapena mpunga. Ku Angónia ndi ku Tsangano nyemba sizisowa. Thirani makilo awiri m'kathumba ka nsalu, osadzaza kwambiri, mukaike pa chitsa, pa mwala kapena pa zenera la galimoto injini itazimitsidwa, lenzi igone pamenepo. Ndodo ya mphanda yozikika pansi imagwiranso ntchito.

Ngati palibe chotsamira, dzanja lamanzere ligwire lenzi kunsi, zigongono zikhudze nthiti, kamera igunde pamphumi. Kukhala pansi n'kuika chigongono pa bondo kumaposa kuimirira. Tulutsani mpweya pang'ono, kenaka dinani mofatsa, osati mobaya. Ndi bwinonso kutchera kamera kuti izijambula zithunzi zingapo motsatizana, chifukwa kawirikawiri chachiwiri kapena chachitatu ndicho chimatuluka bwino, chala chitasiya kukankha.

Kuwala ndiko kumagula liwiro

Kachitseko kakamatseguka kanthawi kochepa, kuwala kolowa kumachepanso, ndipo chithunzi chingade. Apa pali zotchera ziwiri. Choyamba ndi kukula kwa bowo la lenzi, kumene amalemba ndi chilembo f. Nambala yaing'ono, monga f/5.6, ndiye bowo lalikulu. Malenzi ambiri otsika mtengo amaonetsa bwino mukachepetsa bowolo pang'ono kufika pa f/8, ngati dzuwa lilipo lokwanira.

Chachiwiri ndi ISO. Amene anajambulapo nthawi ya filimu akukumbukira timabokosi tolembedwa 100, 200 kapena 400, ndipo filimu ikalowa munalibenso chosintha mpaka ithe. Makamera a masiku ano amalola kusintha ISO pa chithunzi chilichonse, ndipo ambiri amajambula bwino ndithu pa 1600 ngakhale 3200. Mukakweza kwambiri, chithunzi chimakhala ndi timadontho ngati mchenga. Musaope mchengawo. Mbalame yooneka bwino yokhala ndi timadontho imazindikirika, ndipo kompyuta ingachepetse timadonthoto, pamene chithunzi chopakika palibe angachikonze.

Dzuwa likhale kumbuyo kwanu. Mbalame imene ili pakati pa inu ndi dzuwa imatuluka yakuda bii ngati khwangwala, ngakhale ikhale ya nthenga zokongola.

Lozani diso

Lenzi yaitali imaonetsa bwino kachigawo kochepa kwambiri. Ndi lenzi ya 400 pa f/5.6, mbalame ili pa mamita 5, malo ooneka bwino ndi masentimita 5 okha kapena kucheperapo, ngati kupingasa kwa zala zitatu. Kamera mukaisiya kuti isankhe yokha, imakonda kugwira tsamba kapena nthambi imene ili patsogolo. Tcherani kuti igwiritse ntchito kadontho kamodzi kolozera, ndipo kadonthoko kakhale pa diso la mbalame. Diso likaoneka bwino, munthu amakhululukira mchira. Pa mbalame yoyenda kapena youluka sankhani kutsata kosalekeza, kumene pa Nikon ndi Sony kumalembedwa AF-C, ndipo pa makamera ambiri a Canon ndi AI Servo.

Mdani wa kuno: mpweya wotentha

Pali vuto lina limene ngakhale makina a mamiliyoni sangalithetse. Aliyense amene anayendapo masana mumsewu wa tala wa ku Moatize m'mwezi wa Okutobala anaona mpweya ukuvina pamwamba pa msewu ngati madzi. Kuchigwa cha Zambezi kutentha kumapitirira madigiri 40 nyengo imeneyo. Mpweya wovinawo umakhotetsa kuwala, ndipo lenzi yaitali imakuza kukhotako. Onjezanipo fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire, ndiye kuti nang'omba yoima pa mamita 100 masana siingatuluke bwino zivute zitani. Nthawi yabwino ndi maola awiri kapena atatu oyamba dzuwa litatuluka, nthaka isanatenthe, pamenenso mbalame zimakhala pa kalikiliki kufuna chakudya, ndiponso madzulo dzuwa litapendeka.

N'chifukwa chake mtunda ndiwo nkhani yaikulu. Mukachepetsa mtunda ndi theka, mbalame imakula kawiri m'litali ndi m'lifupi pachithunzi, ndipo mpweya wa pakati panu umachepa. Mapazi amachita zimene lenzi yodula ikanachita. Amene akujambula ndi foni adziwenso kuti kukokera chithunzi ndi zala nthawi zambiri kumangodula ndi kutambasula, sikuonjezera nthenga imodzi yomwe.

Apa mwana wa kumudzi amaposa mlendo. Amene anakula ndi legeni ndi ulimbo amadziwa kachere amene wapsa zipatso, chithaphwi chimene njiwa zimamwera m'chilimwe, ndi njira imene nkhanga zimadzera m'mawa. Amadziwa kuti mbalame suiyendera molunjika, ndipo suvala malaya oyera. Kachisakasa ka udzu komangidwa pafupi ndi madzi, n'kusiyidwa masiku angapo kuti mbalame zikazolowere, kangakufikitseni pa mamita 5 kapena 6. Chotsala ndi kukhala chete. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ulemu kwa mbalame ndi kwa anthu

Musathyole nthambi zophimba chisa pofuna kuti chioneke, chifukwa mukatero mwaonetsa anapiye kwa dzuwa, njoka ndi kabawi. Mbalame ikayamba kulira mozungulira inu, kapena ikasiya kubweretsa chakudya, bwererani m'mbuyo. M'midzi yathu yambiri mitengo ikuluikulu yatsala kumanda, ndipo mbalame zimachuluka kumeneko, koma kumanda salowako popanda chilolezo cha amfumu. Ife okhala m'malire tikumbukenso kuti lenzi yaitali yolozetsedwa chakuchipata cha Zóbuè kapena Calómuè, kapena kumalo a apolisi ndi asilikali, ingabweretse mafunso. Pemphani kaye, kapena pitani kwina.

Kuphunzira kuyambire pakhomo. Nkhuku ndi nkhunda sizithawa, ndipo kamera ya masiku ano siidya filimu. Jambulani tambala pa 1/250, kenaka pa 1/1000, m'manja ndiponso pa thumba la nyemba, m'mawa ndi masana, kusintha chinthu chimodzi pa nthawi. Mukatha kuzani chithunzi chilichonse muone diso lake. Tsiku limene mudzawerenge nthenga za pakhosi pa tambala, mwakonzeka kupita kudambo.